Kukonza Mwambo pa Koleji ya Kumudzi: Zimene Komiti ya Ophunzira Iyenera Kudziwa

Mukachoka mumzinda wa Lilongwe kulowera ku Mchinji pa msewu wa M12, mumadutsa Chitedze, Mpingu, Msundwe, kenako Namitete. M'chigawo chimenechi muli makoleji awiri odziwika. Kufupi ndi Chitedze kuli Natural Resources College, imene aliyense amangoti NRC, yomwe inatsegulidwa mu 1986 ndipo lero ili pansi pa yunivesite ya LUANAR. Ku Namitete kuli sukulu ya ntchito zamanja ya Namitete Technical College, kufupi ndi chipatala cha St Gabriel. Makoleji onsewa azunguliridwa ndi midzi ndi minda. Wophunzira akangotuluka pageti amakumana ndi wakabaza, mayi wogulitsa tomato ndi ngolo ya ng'ombe yonyamula manyowa. Ophunzira ena ambiri amachita kubwereka nyumba m'midzi yomweyo chifukwa malo ogona pasukulu sakwanira.

Pamakoleji otere ophunzira amakonza okha miyambo yawo, ndipo akamakonza maso awo amakhala ali kutauni: woimba achokere kutauni, zoimbira zichokere kutauni, chithunzi cholengezera chifanane ndi za kutauni. Kukhumba zabwino sikulakwa. Koma mwambo wa pakoleji ya kumudzi umaima kapena kugwa pa zinthu ziwiri zimene makomiti amaziganizira mochedwa. China ndi kasungidwe ka ndalama za anzawo. China ndi ubale ndi anthu okhala kuseri kwa mpanda.

Miyambo yake ndi iti?

Pali mwambo wolandira a chaka choyamba, aja anzawo amawatchula kuti ma yearo. Pali social weekend, yomwe imasakaniza mpira, magule, oimba ndi disiko. Pali phwando lotsanzikana ndi omaliza maphunziro. Magulu opemphera monga SCOM, YCS, CCAPSO ndi bungwe la ophunzira achisilamu amakhala ndi misonkhano yawo, zikondwerero za makwaya ndi mapemphero ochezera. Ndiye pali miyambo yofunira ndalama: ulendo wapansi uja amati big walk, ukwati wongoyerekeza uja amati mock wedding, chionetsero cha masewero. Ina ndi yothandiza anthu, monga kupereka magazi kudzera ku bungwe la MBTS, kudzala mitengo kapena kukaona odwala.

Miyamboyi imasiyana pa phokoso ndi pa chovala, koma kakonzedwe kake n'kamodzi.

Tikusonkhanitsiranji anthu?

Komiti ikakhala pansi koyamba, nthawi zambiri nkhani imayambira pa dzina la woimba. Iyenera kuyambira pa funso lakuti tikusonkhanitsiranji anthu, ndipo yankho lake likwane m'chiganizo chimodzi chimene membala aliyense angachinene osayang'ana papepala. "Tikufuna kupeza fizi ya anzathu asanu amene atsala pang'ono kubwerera kwawo." "Tikufuna a chaka choyamba adziwe kumene angathawire akavutika." "Tikufuna kupumula titamaliza mayeso." Onsewa ndi mayankho abwino, ngakhale lomalizalo. Vuto limabwera pamene komiti ikufuna zonse nthawi imodzi: kusangalala, kupeza phindu, kuthandiza osowa ndi kutchuka. Zikatero ndalama zimathera pa chisangalalo, osowa aja n'kungotsala pachithunzi cholengezera.

Mbiri ya dziko lathu ili ndi chitsanzo choyenera kuchikumbukira. Mu 1970 ku Chancellor College kunayamba gulu la masewero lotchedwa Travelling Theatre. Ophunzira ndi aphunzitsi awo ankanyamula masewero kupita nawo m'masukulu ndi m'maboma, ndipo mu 1981 anakafika ku Mbalachanda m'boma la Mzimba, kumene anayamba kupanga masewero pamodzi ndi anthu akumudzi pa nkhani zowakhudza eni akewo. Analibe zida zodula. Anali ndi chifukwa chomveka choyendera, ndipo mpaka lero anthu ophunzira za masewero amatchulabe ntchito yawo.

Ophunzira a pa msewu wa Mchinji ali ndi mwayi woposa pamenepo, chifukwa zimene amaphunzira ndi zomwe oyandikana nawo amazifuna tsiku ndi tsiku. Wa ku NRC amaphunzira za ulimi, ulimi wamthirira, umoyo wa ziweto ndi kadyedwe koyenera. Wa ku Namitete amadziwa kupala matabwa ndi kumanga nyumba. Tsiku limodzi lotsegula geti, loti alimi a ku Mpingu adzaone kathiridwe ka dimba ndi kufunsa za chitopa, kapena loti anthu a ku Msundwe adzaone mipando ndi zitseko zopangidwa ndi ophunzira n'kugula, lingadzaze bwalo popanda woimba aliyense wochokera ku Blantyre. Disiko ibwere madzulo ake.

Komiti yochepa, ntchito zodziwika

Komiti ya anthu makumi awiri imatha maola atatu ikukangana za mtundu wa malaya. Anthu asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu ndi okwanira: wapampando, mlembi, msungichuma, woona za malo ndi zida, wolengeza, woona za chitetezo, ndi woona za chakudya ndi alendo. Ena onse ofuna kuthandiza alowe m'timagulu ta anthu amenewa.

Zinthu ziwiri ndizilimbikira. Choyamba, atsikana asamangopatsidwa zophika ndi zokongoletsa holo. Pampando, pachuma ndi pachitetezo pakhale atsikana, chifukwa iwo ndi amene amadziwa njira zamdima za pakoleji ndi zimene zimachitika m'menemo. Chachiwiri, m'komiti mukhale wophunzira mmodzi wochokera m'dera lomwelo, kapena amene wakhalitsa m'mudzi woyandikana ndi sukulu. Iyeyo ndiye adziwa tsiku la msika, dzina la nyakwawa ndi malankhulidwe oyenera pakhomo pa amfumu. Mnyamata wokulira ku Ndirande kapena ku Chibavi angakhale wanzeru m'kalasi, koma izi sangazilote.

Msonkhano uliwonse uzitha ndi mndandanda: ntchito yakuti, agwira uje, pofika tsiku lakuti. Mlembi aziutumiza pagulu la WhatsApp la komiti usiku womwewo.

Makalendala awiri

Posankha tsiku, ophunzira amayang'ana kalendala ya sukulu: mayeso ali liti, ndalama zodzisamalira zija amati upkeep zilowa liti, magulu ena akonza chiyani sabata imeneyo. Izi n'zofunika. Mwambo woika sabata ziwiri mayeso asanayambe umapeza holo yopanda anthu, ndipo woika kumapeto kwa semesita umapeza matumba ouma.

Koma kunja kwa mpanda kuli kalendala ina, ya mvula ndi minda, ndipo imalamula kwambiri. Kuyambira Disembala mpaka Malichi anthu amakhala kumunda, misewu ya fumbi ya m'midzi imaterera, ndipo Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka. Kupempha chopereka m'mudzi nthawi imeneyo n'kusowa chisoni. Nyengo imeneyi ndi yoyenera miyambo ya m'holo, komanso yodzala mitengo, popeza nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo. Kuchokera mu Epulo msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo, soya ndi mtedza zikayamba kugulitsidwa, ndalama zimayamba kuoneka pa Msundwe ndi pa Namitete. Mwambo wofunira ndalama kapena wogulitsa zopanga ophunzira uzigwa pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Kumbukirani kuti mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira, anthu sachedwa pabwalo, ndipo kumapeto kwa Ogasiti mafumu ambiri a Achewa amakhala pa ulendo wa ku Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete, ku Zambia. Ngati mlendo wanu wolemekezeka ndi mfumu, funsani msanga. Sepitembala ndi Okutobala ndi miyezi ya maukwati ndi ziliza, choncho mahema, mipando ndi zoimbira zobwereka zimalimbiranidwa.

Lachisanu masana Asilamu ali ku mzikiti, Loweruka a Seventh Day ali ku tchalitchi, Lamulungu m'mawa ena onse. Palibe tsiku lokomera aliyense, koma komiti yoganiza bwino imasintha masiku chaka ndi chaka kuti asamakhale anthu omwewomwewo otsalira.

Zilolezo

Chilolezo choyamba ndi cha akuluakulu a koleji. Kalata ipite kudzera ku bungwe la ophunzira kukafika ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira, mwezi wathunthu tsiku lisanafike. Ikhale ya tsamba limodzi: mwambo wanji, liti, kuti, uyamba ndi kutha nthawi yanji, anthu angati, akunja alowa kapena ayi, ndalama zichokera kuti, ayankhe ndani zinthu zikawonongeka. Akuluakulu a sukulu kawirikawiri amakana chifukwa choopa zimene sanauzidwe. Kalata ikayankhiratu mafunso awo, mtima wawo umakhala pansi. Pa koleji imene ili m'manja mwa mpingo, yembekezerani malire pa nkhani ya mowa, kavalidwe ndi nthawi yotsekera, ndipo musalengeze chinthu chimene mukudziwa kuti sichiloledwa.

Mwambo wolipiritsa pakhomo, wokhala ndi nyimbo, uli ndi malamulo ake a boma. Bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, ndilo limapereka chiphaso choimbira nyimbo za anthu pagulu, kuti eni nyimbo apezepo kangachepe. Zisangalalo za pagulu zimagwanso pansi pa lamulo la 1968 loyendetsedwa ndi Censorship Board. Funsani ku ofesi ya koleji ngati ziphaso zimene sukulu ili nazo zikukwanira pa mwambo wanu. Ophunzira amene mawa adzakhale ndi luso lawolawo logulitsa asayambe moyo wawo ndi kudyera oimba masuku pamutu.

Mukatuluka pageti kukayenda pamsewu, monga pa big walk, lamulo la apolisi la 2010 limafuna kuti mudziwitse bwanamkubwa wa boma ndi apolisi pasanatsale maola ochepera 48. Musadikire malire amenewo. M12 ndi msewu wa malole opita ndi kuchokera ku Zambia, ndipo gulu la anthu oyenda pansi limafunika apolisi apamsewu kutsogolo ndi kumbuyo.

Pakhomo pa amfumu

Palibe lamulo lolembedwa limene limakakamiza ophunzira kukaonekera kwa amfumu pa mwambo wochitikira mkati mwa sukulu. Komabe chimkuzamawu sichidziwa mpanda. Phokoso la Loweruka usiku limalowa m'nyumba za anthu amene adzuke mbandakucha kupita kudimba, anyamata a m'mudzi amabwera pageti kufuna kulowa, ndipo ophunzira obwerera kumene amagona amadutsa m'njira za mudziwo pakati pa usiku. Anthu amenewa ndi mbali ya mwambo wanu, muwaitane kapena musawaitane.

Kapitidwe kake n'kosavuta. Anthu awiri kapena atatu a m'komiti, mmodzi wa iwo wodziwa dera, apite masana atavala mwaulemu, atsikana atamanga chitenje. Muyambe mwaonana ndi nyakwawa kapena nduna, ndiyo ikulowetseni. Mukapatsidwa pokhala, mulonjerane mokwanira musanatule nkhani. Kenako wolankhula anene: "Gogo, ife ndife ana anu a pasukulupa. Tati tisachite kanthu m'mudzi mwanu inu osadziwa." Mufotokoze tsiku, nthawi imene nyimbo zidzatsikire, ndi ngati anthu a m'mudzi akuloledwa kulowa. Musapite chimanjamanja, kaphukusi ka shuga kakwanira. Mwambo ukakhala waukulu, amfumuwo ndi amene akuuzeni ngati nkhani iyenera kukwera kwa a gulupu kapena kwa mfumu yaikulu ya deralo, kaya ndi Kalolo, M'bwatalika kapena Kabudula.

Ulendo umenewu umakuthandizani pa tsiku lovuta. Maliro sapangana ndi munthu. Akagwa m'mudzi woyandikana nanu m'mawa wa tsiku la mwambo, simungaimbe nyimbo mokweza anthu akukhuza pafupi. Komiti imene inaonekera kale kwa amfumu imatuma anthu kukapepesa, kuponya chipepeso m'mbale, ndi kumvana chochita: kutsitsa zoimbira, kulowa m'holo, kapena kusuntha tsiku. Komiti imene sinapiteko imamva za malirowo anthu okwiya atafika kale pageti.

Nkhani ya magule ndi yofunika kuisamala. Chimtali, mganda ndi chitelera mungaziitane pokambirana ndi atsogoleri a magulu ake, ndipo muwalipire monga mmene mungalipirire DJ, osati kungowapatsa thobwa. Gule Wamkulu ndi wina. Bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, koma kuno ali ndi eni ake, ali ndi mzinda wake ndi mwambo wake. Satuluka popanda mawu a mfumu ya mzinda, ndipo si sukulu iliyonse imene ingamulole kulowa. Ophunzira ovala zigoba zongopeka kuti aseketse anzawo akhoza kuyambitsa mlandu umene sukulu ingavutike kuuzimitsa.

Ndalama: pamene maubwenzi amathera

Ndalama za mwambo wa ophunzira zimachokera m'matumba osauka. Wina wadumpha nkhomaliro kuti agule tikiti. Wina ndi wa ngongole ya boma ya maphunziro, amene ndalama yake imafika mochedwa n'kutha msanga. N'chifukwa chake kusowa kwa K20,000 kumapweteka anthu pakoleji kuposa mmene akunja angaganizire, ndipo dzina la munthu limaipa mpaka kuntchito.

Bajeti iyambe ndi zolowa, ndipo muziwerengere mwamantha. Tiyerekeze holo ya anthu 300, tikiti ya K2,000. Papepala ndi K600,000. Koma ena adzalowa ulere: a komiti, ovina, alendo oitanidwa, othandiza pakhomo. Ena sadzabwera. Konzani ngati kudzabwera anthu 150 olipira, ndiye kuti muli ndi K300,000, ndipo zonse zimene mukulonjeza kulipira zikwane m'menemo. Zikadzaposa, limenelo ndi phindu. Pa zotuluka musaiwale zimene sizioneka pa siteji: mafuta a jenereta, thiransipoti ya zida kupita ndi kubwera, chakudya cha achitetezo, kusesa m'mawa mwake, mpando wothyoka. Muikenso padera gawo limodzi mwa magawo khumi la zogwa mwadzidzidzi. Mitengo m'dziko muno siikhala malo amodzi. Mu Novembala 2023 kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense amene anali ndi bajeti ya mwezi wapitawo anayambiranso. Mtengo umene mwagwirizana ndi mwini zoimbira ulembedwe, asayine, ndipo chikole chisapose theka.

Pa kasungidwe, lamulo ndi lakuti munthu mmodzi asakhale yekha ndi ndalama. Ngati mukulandira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, nambala ikhale imodzi yolengezedwa, foni isungidwe ndi msungichuma, koma mlembi azilemba uthenga uliwonse wolowa m'kaundula tsiku lomwelo. Potulutsa ndalama pakhale anthu awiri ndi lisiti. Wakabaza ndi mayi wa mandasi alibe malisiti, choncho gulani kabuku kanu, wolandira ndalama azisayina kapena kudinda chala.

Pakhomo ndi pamene ndalama zambiri zimathawira. Matikiti akhale ndi manambala ndi chidindo. Wogulitsa tikiti akhale wina, woing'amba wina, wodinda pamkono wina. Ola lililonse msungichuma ndi mboni azichotsa ndalama pakhomo, kuziwerenga, kulemba, ndi kukazitsekera mu ofesi. Mndandanda wa olowa ulere ulembedwe dzulo lake ndipo usawonjezedwe. Mawu akuti "uyu ndi wanga" atha miyambo yambiri kuposa mvula.

Woimba wa dzina ndi wokoma, koma ngati mtengo wake ukudya kuposa theka la bajeti, ndiye kuti ophunzira onse akugwirira ntchito munthu mmodzi. Pakoleji iliyonse pali oimba, alakatuli ndi oseketsa amene sanapatsidwepo maikolofoni.

Kupempha thandizo

Makalata opita ku makampani a mafoni, mabanki ndi opanga zakumwa amafunika kutumizidwa miyezi iwiri kapena itatu tsiku lisanafike, ndipo ambiri sayankhidwa. Pitani nawo pamanja, munene chimene kampaniyo ipindule: anthu angati, a msinkhu wanji, adzaika pati chikwangwani chawo. Koma musanyoze thandizo lapafupi. Wagolosale wa pa Msundwe angapereke makireti awiri a zakumwa, mwini chigayo angabwereke jenereta, wogulitsa zipangizo zaulimi angapereke mphoto ya mpikisano kuti dzina lake limveke kwa alangizi a mawa. Ophunzira akale a sukuluyo, amene ambiri ali m'magulu a WhatsApp a chaka chawo, amapereka msanga akaona bajeti yomveka.

Chenjerani ndi thandizo la andale, makamaka chisankho chikayandikira. Limabwera ndi nsalu, ndi anyamata ake, ndi maikolofoni imene simungathe kuilanda.

Kulengeza

Pakoleji pomwepo uthenga umayenda pa WhatsApp. Chithunzi cholengezera chikhale chopepuka kuti chisadye bandulo, ndipo chiyankhe mafunso asanu munthu asanachikulitse: chiyani, liti, kuti, ndalama zingati, afunse ndani. Zithunzi zambiri zimadzaza nkhope ndi mitundu, tsiku n'kubisala pakona. Pansi pake lembaninso uthengawo m'mawu wamba, chifukwa amene bandulo yamuthera sangatsegule chithunzi. Oimira makalasi ndiwo njira yanu yeniyeni: uthenga wochokera kwa mnzawo wa m'kalasi umawerengedwa, wochokera kwa mlendo umadutsidwa. Facebook ndi TikTok zimathandiza kufikira ophunzira akale ndi a makoleji ena, makamaka ndi kavidiyo kachidule koonetsa okonzekera akuyeserera.

Musalengeze kamodzi n'kukhala chete, ndiponso musatopetse anthu. Kutatsala sabata zitatu, tchulani tsiku. Sabata yotsatira, tchulani zimene zidzachitike ndi kuyamba kugulitsa matikiti pamtengo wotsikirako, kuti mupeze ndalama ya chikole. Sabata yomaliza, yendani m'makalasi ndi m'mahositelo ndi pakamwa. Munthu woima kutsogolo kwa kalasi mphindi ziwiri mphunzitsi asanalowe amagulitsa matikiti ambiri kuposa chithunzi chokongola. Pepala lomata pakhomo la kafeteriya likadali ndi ntchito. Dzina la woimba lisatuluke asanalandire chikole ndi kuvomera polemba. Kulengeza munthu amene sadzabwera ndi bodza limene ophunzira sakhululuka.

Kunja kwa mpanda njira zake n'zina. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'Malawi amakhala kumudzi, ndipo ambiri mwa oyandikana nanu ali ndi foni za mabatani. Uthenga wawo ukhale m'Chichewa chomveka. Upite kwa amfumu kuti ulengezedwe pamsonkhano wa mudzi. Upite kwa abusa, akatekisiti ndi mashehe kuti uwerengedwe pa zolengeza. Upite kwa alangizi a zaulimi ndi atsogoleri a makalabu a alimi ngati mwambo ukukhudza ulimi, ndi kwa aphunzitsi aakulu a masekondale oyendera pafupi ngati mukufuna ana asukulu adzaone za maphunziro apamwamba. Pa tsiku la msika, anyamata awiri ndi chimkuzamawu cha m'manja angafikire anthu ochuluka m'maola awiri. Akabaza a pasiteji amalankhula ndi anthu ambiri patsiku. Auzeni, ndipo adzakondwa chifukwa tsikulo ndi la ntchito kwa iwo. Wailesi ikadali yamphamvu kuno: Zodiak, Radio Alinafe ndi wailesi ya Nkhoma Synod zimaulutsa kuchokera ku Lilongwe, ndipo ku Mchinji kuli ya Mudziwathu.

Nenani poyera ngati akunja akuloledwa, nthawi yanji, pamtengo wanji. Mikangano yambiri ya pageti imayamba ndi uthenga wosamveka.

Magetsi, mvula ndi zimbudzi

Magetsi a ESCOM akhoza kuthima nthawi iliyonse, choncho jenereta iyesedwe dzulo lake pamodzi ndi zoimbira zonse, ndipo mafuta agulidwe masiku angapo tsikulo lisanafike. Mwambo wa pabwalo ukhale ndi holo yothawirako. Walira mvula walira matope: amene waitana khamu waitananso zinyalala, ludzu ndi mzere wa kuchimbudzi. Zimbudzi zikhale zotsegula, zowala, zosiyana za amuna ndi akazi, ndi ndowa za madzi ndi sopo. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mumzinda wa Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Amayi ogulitsa mandasi ndi zitumbuwa, komanso anyamata a chiwaya, apatsidwe malo awo aukhondo, pamtengo wochepa, ndipo oyamba kupatsidwa akhale a m'midzi yoyandikana.

Chitetezo

M'dera lino nkhani ya khamu ndi apolisi ili ndi zipsera. Mu 2019, pa zionetsero zotsatira chisankho cha Meyi, dzina la Msundwe linamveka dziko lonse. Mu Okutobala chaka chimenecho wapolisi wina wamkulu anaphedwa kumeneko, ndipo amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu anachitidwa nkhanza zogwiriridwa. Mu Ogasiti 2020 bwalo lalikulu la milandu linalamula kuti amayi 18 apepesedwe. Wokonza mwambo kuno ayenera kudziwa kuti anthu sanaiwale, ndipo chitetezo chikonzedwe mofatsa: alonda a koleji, ophunzira osankhidwa ovala chizindikiro, a chitetezo cha m'mudzi amene amadziwa nkhope za anyamata a m'deralo, ndi apolisi ochepa amene mwakambirana nawo ntchito yawo tsiku lisanafike, pakati pawo pakhale wamkazi.

Ana osakwana zaka 18 asalowe ku mwambo wa usiku, ngakhale atabwera ndi ndalama. Njira za ku mahositelo ndi ku zimbudzi ziwalitsidwe. Pakhale wophunzira wamkazi ndi mphunzitsi wamkazi odziwika, amene mtsikana angathamangire wina akamugwira mosayenera, ndipo MC awatchule mayina kumayambiriro. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa nkhanza zotere, ndipo disiko siichotsa lamulo. A chaka choyamba ndiwo amakhala pachiopsezo chachikulu pa mwambo umene umati ndi wowalandira. Ogona kunja kwa sukulu abwerere m'magulu, ndipo nthawi yotsekera isungidwe ngakhale gule atafika pokoma. Galimoto imodzi ikhale yokonzeka, dalaivala wake wosamwa, yothamangira kuchipatala.

Lolemba lake

Mwambo sutha nyimbo yomaliza ikatha. Lamulungu m'mawa bwalo lisesedwe, mipando iwerengedwe ndi kubwezedwa, onse ofunika kulipidwa alipidwe. Pasanathe sabata, msungichuma amate pa bolodi ndi kutumiza pa WhatsApp lipoti la tsamba limodzi: matikiti osindikizidwa, ogulitsidwa, otsala, zolowa zonse, zotuluka zonse, chotsala ndi kumene chapita. Ngati mwaluza, lembani kuti mwaluza. Ophunzira amamvetsa kuluza, chimene samvetsa ndi kukhala chete. Ngati munalonjeza fizi ya anzanu, ndalamayo ilipidwe ku akaunti ya sukulu ndipo lisiti lionetsedwe, mayina a othandizidwawo mutabisa.

Kenako bwererani kwa onse amene munawagogodera: amfumu, wagolosale, mwini jenereta, alonda, amayi a chimtali. Kalata yachidule kapena kungofika kudzathokoza n'kokwanira. Amene adzakonze mwambo chaka chamawa adzagogoda pa zitseko zomwezo.

Chofooka chachikulu cha mabungwe a ophunzira n'chakuti atsogoleri amasintha chaka ndi chaka, ndipo aliyense amayamba ngati palibe anachitapo. Gulani fayilo imodzi. Muikemo kalata ya chilolezo, bajeti, mapangano, manambala a eni zida, lipoti la ndalama, ndi tsamba limodzi lonena zimene zinayenda ndi zimene zinavuta. Inu a komiti imene ikutuluka, musachoke pasukulu musanaipereke m'manja mwa okulowani m'malo, pamaso pa mphunzitsi wokuyang'anirani. Ndipo inu akuluakulu a koleji, komiti imene sinapereke lipoti la mwambo wapita musaipatse holo ya mwambo wina.